Catweazle: gogo wamatsenga amene anagwera m'dziko la magetsi

Tangoganizani. Muli m'nkhalango, liwiro la mtondo wadooka, asilikali ali m'mbuyo mwanu. Kutsogolo kuli dziwe, kobwerera kulibe. Mukunena mawu amatsenga amene mukukhulupirira kuti akuulutsani ngati mbalame, kenako chubwi, m'madzi. Povuuka, asilikali aja kulibe, nkhalango ija yasintha. Mukuyamba kudzitama kuti mankhwala agwira, adani mwawasowetsa. Pasanapite nthawi mukumva chilombo chikubangula, chikubwera chikufuka utsi, munthu atakhala pamsana pake osaopa. Ife chilombo chimenecho timachitcha thirakitala.

Umu ndi momwe limayambira sewero la ana la pa wailesi yakanema lotchedwa Catweazle. Ndi la ku Britain, ndipo linayamba kuonetsedwa pa kanema wa ITV Lamulungu pa 15 February 1970. Wothawayo ndi Catweazle mwini wake, nkhalamba yamatsenga ya m'zaka za m'ma 1000, yomwe m'malo mouluka m'mwamba yadumpha zaka 900 n'kugwera pafamu ina ku England m'chaka cha 1969.

Mwina mukuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji za sewero lakale kuposa bambo anga?" Funsolo ndi lomveka. Kuno kwathu linalibe n'poonekera pomwe, paja dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka pamene TVM inayamba pa 1 April 1999. Koma mukamaonera Catweazle lero, foni ili m'manja, mupeza kuti akukamba zinthu ziwiri zomwe tikulimbana nazo tsiku ndi tsiku: momwe timakhalira ndi zipangizo zomwe sitikuzimvetsa, komanso momwe timachitira ndi munthu wokalamba amene dziko lamusiya m'mbuyo.

Wamatsenga wosatha matsenga

Tiyambe ndi kwawo. M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anawoloka nyanja n'kugonjetsa mfumu Harold ya ku England pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo eni dziko anakhala pansi pa alendo olankhula Chifalansa, omanga nyumba zamalinga komanso olanda minda. Catweazle ndi mmodzi mwa ogonjetsedwawo. Amakhala kuphanga, amavala mkanjo wasanza, ndevu zili nyankhalala, ndipo Anormani amawaopa kuposa imfa. Ngakhale atafika m'chaka cha 1969, aliyense wovala yunifomu kwa iye ndi Mnormani basi.

Chuma chake n'chochepa. Ali ndi chule dzina lake Touchwood, amene amayenda naye m'thumba n'kumakambirana naye ngati m'bale. Ali ndi mpeni wamatsenga wotchedwa Adamcos, umene amauvala m'khosi ndipo amakhulupirira kuti ukatayika moyo wake watha. Loto lake lalikulu ndi limodzi: kuuluka. Vuto ndi lakuti matsenga ake amakonda kuphonya. Akafuna ichi, chimachitika china. Nthawi zambiri amathera pansi, ali matope okhaokha, akudandaula kuti palibe chomwe chikumuyendera. Komabe sikuti ndi wabodza weniweni. Mwa apo ndi apo zimamuthekera, makamaka kugoneka maganizo a munthu pomuyang'anitsa m'maso, ndiye oonera sadziwa kuti lero zigwira kapena ayi.

Amene akumupeza atabisala m'shedi ya pafamu ya Hexwood ndi mnyamata Edward Bennet, amene aliyense amangomutcha Carrot chifukwa cha tsitsi lake looneka ngati karoti. Mnyamatayu amakhala ndi bambo ake okha, a Bennet, ndipo pafamupo palinso wantchito dzina lake Sam. Carrot akulumbiritsidwa kuti sadzaulula za mlendoyu, ndiye ntchito yake m'magawo onse ndi kumubisa, kumubera chakudya kukhitchini, komanso kupeka zonena zinthu zikasowa kapena kusweka. Pamapeto pake akumupezera malo m'thanki yamadzi yakale yosiyidwa, ili pamwamba pansanja m'nkhalango. Catweazle akuitcha nyumba yake yachifumu, Castle Saburac.

Dzuwa m'botolo

Gawo loyamba limatchedwa The Sun in a Bottle, kutanthauza dzuwa lili m'botolo. Carrot akungodina swichi pakhoma, babu mbee! Nkhalamba ija kakasi. Moyo wake wonse yakhala ikusakaniza zitsamba kufuna mphamvu ngati imeneyi osaipeza, lero kamwana kakuchita ndi chala chimodzi. Nthawi yomweyo Catweazle akugamula kuti Carrot ndi katswiri wa matsenga, ndipo akumupempha kuti amuphunzitse.

Apa m'pamene pagona kukoma kwa seweroli. Catweazle amamva mawu atsopano ndi makutu akale. Liwu la Chingerezi la magetsi iye amalitchula kuti "electrickery", kuphatikiza magetsi ndi chinyengo. M'Chichewa mwina tikanati matsengetsi. Telefoni amaitcha "telling bone", fupa louza anthu zinthu, ndipo mukaiona lamya ya masiku amenewo, chogwirira chake chimaonekadi ngati fupa. Munthu wozolowera kuti mizimu imalankhula kudzera m'zinthu, akaona wina wayika fupa kukhutu n'kumayankhulana ndi munthu wosaoneka, mukufuna aganize chiyani?

M'gawo lina, mayi wina wa ku America wojambula zithunzi akumujambula. Catweazle ataona nkhope yake papepala akukhulupirira kuti mayiyo wamulanda mzimu, ndipo tsopano iye ndi kapolo wake. Ana a mu 1970 ankaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma tiyeni tinene zoona: inu amene chithunzi chanu chinazungulirapo m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo chanu, kapena amene munamvapo za mtsikana woopsezedwa ndi zithunzi zake ndi chibwenzi chakale, kodi gogoyu analakwitsa kwambiri? Amene wagwira chithunzi chako wakugwiradi penapake.

Nthabwala za Catweazle sizinena kuti munthu wakale ndi chitsiru. Maganizo ake amatsatana bwinobwino kutengera zomwe akudziwa. Amaona chinthu, amafunsa, amayesa, amalakwitsa, amayesanso. Wochita manyazi kwenikweni ndi Carrot, chifukwa nkhalamba ikamufunsa kuti dzuwa lalowa bwanji m'botolo, iye yankho lomveka alibe. Amangodziwa podina.

Nanga ife? Foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi, mungamufotokozere mwana wa Sitandade 5 momwe mawu anu amachokera ku Area 25 n'kukamveka ku Johannesburg pa sekondi imodzi? Ndalama mukatumiza pafoni, chimayenda n'chiyani kwenikweni? N'chifukwa chiyani TikTok imakubweretserani kanema wa nsapato mutangocheza kumene za nsapato? Ambirife timangoti "ndi netiweki", monga momwe Catweazle amanenera kuti "ndi matsenga". Tangosintha liwu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amadabwa ndipo amafuna kudziwa, pamene ife tinasiya kudabwa kalekale.

Ndipo munthu wongodziwa podina ndi wosavuta kumupusitsa. M'gawo lina la seweroli, Sam akutaya ndalama pa juga ya mpikisano wa mahatchi chifukwa chomvera mayi wina woombeza amene amagwirizana mwamseri ndi mwini malo obetcherawo. Sinthani mahatchi muikepo mpira, sinthani woombeza muikepo uja amakulonjezani pa Facebook kuti ali ndi magemu okonzedwa kale bola mumutumizire kangachepe. Nkhani ndi yomweyo. Uthenga wakuti mwawina mpikisano womwe simunalowe nawo umagwira anthu ophunzira, osati agogo okha ayi.

Dzina lotoledwa pageti

Analemba seweroli ndi Richard Carpenter, amene anabadwa mu 1929 ndipo poyamba anali wochita zisudzo. Iye ankafotokoza kuti tsiku lina atasochera kumidzi ya ku Sussex anaona liwu lakuti Catweazle litalembedwa pageti. Analilemba pakapepala n'kuika m'thumba. Dzina linabwera kaye, munthu wake pambuyo. Catweazle ndiye anamutsegulira khomo la ulembi, ndipo mu 1971 bungwe la alembi la Writers' Guild of Great Britain linamupatsa mphotho chifukwa cha seweroli. Pambuyo pake analemba masewero ena otchuka monga The Ghosts of Motley Hall, Dick Turpin komanso Robin of Sherwood. Anamwalira mu 2012.

Kampani yomwe inalipanga ndi London Weekend Television. Pali zigawo ziwiri, kapena titi masizoni awiri, iliyonse magawo 13, onse pamodzi 26, ndipo gawo lililonse ndi la mphindi pafupifupi 25. Sizoni yoyamba anaiwongolera ndi Quentin Lawrence, ndipo anaijambula mu 1969 pafamu yeniyeni ku East Clandon, pafupi ndi Guildford m'chigawo cha Surrey. Sanadalire nyumba zopeka za m'situdiyo. Matope ndi enieni, nkhalango ndi yeniyeni, dzuwa la m'chilimwe ndi lenileni. N'chifukwa chake mpaka lero zithunzi zake zimaoneka zamoyo kusiyana ndi masewero ambiri a nthawi imeneyo.

Chaka chimenechi muchisunge. Mu July 1969 anthu anaponda pamwezi koyamba. Mu November chaka chomwecho ITV inayamba kuonetsa zithunzi zamakaka. Dziko la azungu linali litaledzera ndi za sayansi, aliyense akuyang'ana kutsogolo. Pakati pa chisangalalo chimenecho, Carpenter anabweretsa nkhalamba yonunkha, yoopa babu, kuti ana ayang'anenso zinthu za m'nyumba mwawo ngati akuziona koyamba.

Koma seweroli silikanakhala kanthu popanda Geoffrey Bayldon, amene anasewera ngati Catweazle. Anabadwira ku Leeds mu 1924, kutanthauza kuti pojambula anali ndi zaka 45 zokha, ngakhale amaoneka ngati wa zaka 80. Iye ankanena yekha kuti anakanapo mwayi wokhala mwini sewero lotchuka la Doctor Who. Mukamuona akunjenjemera zala, akufwenthera ngati mphaka wolusa, akuthamanga chowerama mkanjo uli m'manja, mumaiwala kuti ndi munthu wophunzira zisudzo. Nthawi yomweyo amatha kukhala wodzikuza, wamantha, wadyera komanso womvetsa chisoni. Amatukwana Carrot kuti ndi mbuli, kenako n'kumupempha chakudya. Ngati munakhalapo ndi agogo ovuta koma okondedwa, mumudziwa msanga. Bayldon anadzasewerakonso m'sewero lina la ana lotchedwa Worzel Gummidge, ndipo anamwalira pa 10 May 2017 ali ndi zaka 93.

Pansi pa nthabwala pali kusungulumwa

Mukachotsa kugwa m'matope ndi kuthamangitsana, Catweazle ndi nkhani ya munthu amene onse omudziwa anamwalira zaka 900 zapitazo. Palibe amene amamva nthabwala zake. Nzeru zomwe anazivutikira moyo wonse zasanduka zoseketsa. Pali mawu aja akuti tsobola wakale sawawa, ndiye iye ndi tsobola wakale weniweni. Chomwe akufuna n'kubwerera kwawo, ngakhale kwawoko kuli Anormani omusaka, chifukwa kumeneko zinthu amazimvetsa.

Carrot nayenso ali ndi zake. Mayi palibe, bambo ali kalikiliki ndi famu yomwe ndalama zake sizikuyenda bwino. Mnyamatayu sakhulupirira kwenikweni kuti mnzakeyu wachokera m'zaka zakale. Amangomuona ngati nkhalamba yosokonekera mutu, yopanda kwawo. Komabe amamudyetsa, amamuteteza, amapsa mtima naye, mawa n'kubwereranso kuthanki kuja ndi chakudya. Sanadikire kuti amvetse kaye nkhani yake kuti amuchitire chifundo. M'gawo lomaliza la sizoni yoyamba, Catweazle akulowanso m'madzi n'kuzimiririka Carrot akuona, ndipo pamenepo m'pamene mnyamatayo akuzindikira kuti zonse zija zinali zoona. Mawu a akulu akoma akagonera.

Sizoni yachiwiri inaonetsedwa mu 1971. Catweazle wabwerera kwawo, koma wagwidwa ndi bwana wina wa Chinormani amene akufuna amupangire golide. Pothawa akudumpha kuchokera pamwamba pa linga, akuganiza kuti ulendo uno auluka, koma akugweranso m'madzi n'kutulukira m'nthawi yathu. Tsopano ali kunyumba yaikulu ya anthu olemera yotchedwa King's Farthing, ndipo mnzake watsopano ndi Cedric, mwana wa Lord ndi Lady Collingford. Chifukwa cha magalasi a m'maso, Catweazle amamutcha Owlface, nkhope ya kadzidzi. Amakhala pasiteshoni ya sitima yosiyidwa yotchedwa Duck Halt, ndipo akusakasaka zizindikiro 12 za nyenyezi, zija mumaziona m'magazini zolosera za mwezi wobadwa, kuphatikizapo cha nambala 13 chomwe akukhulupirira kuti chimupatsa mphamvu zouluka. Pomaliza akuulukadi, koma m'chibaluni chachikulu chonyamula anthu. Loto lake lakwaniritsidwa ndi chipangizo cha anthu amakono, iye n'kumati ndi matsenga ake. Ndani angamutsutse?

Azungu anayamba liti kuseka za ufiti?

Apa pali funso lomwe Mmalawi aliyense angafunse. Zikutheka bwanji makolo kukhazika ana pansi Lamulungu madzulo kuti aonere nkhalamba yoyenda ndi chule m'thumba, yofuna kuuluka, n'kumaseka? Kuno kwathu zimenezo si nkhani yosekera.

Choyamba ndi chilankhulo. Chingerezi chili ndi mawu osiyana a munthu wa m'nthano wodziwa matsenga ndi munthu woganiziridwa kuti amalodza anzake. Catweazle ndi wa gulu loyambalo, gulu la Merlin kapena aphunzitsi a Harry Potter. Sadya maliro, satuma ana. Tikamutcha mfiti m'Chichewa tamulakwira, chifukwa liwu limenelo limanyamula imfa. N'chifukwa chake ndikumutcha wamatsenga.

Chachiwiri ndi mbiri. Musaganize kuti a ku England anabadwa akuseka zimenezi. Mu 1612, pa milandu yotchuka ya ku Pendle, anthu 10 ananyongedwa powaganizira ufiti, ndipo mboni yaikulu anali mtsikana wa zaka 9 amene ananeneza mayi ake omubereka. Pakati pa 1644 ndi 1647, munthu wina dzina lake Matthew Hopkins ankayendayenda m'midzi ya kum'mawa kwa England akudzitcha mkulu wogwira afiti, akulipidwa ndi midziyo, ndipo anthu oposa 100 anaphedwa chifukwa cha ntchito yake. Ambiri anali amayi okalamba ndi osauka. Umboni wake unali wotani? Kuweta mphaka kapena chule, kukhala ndi chipsera pathupi, kapena kuyandama akakuponya m'madzi utamangidwa. Mukuona? Chule ndi madzi, zinthu zomwe zikuseketsa ana mu Catweazle, ndi zomwezo zinkaphetsa anthu zaka 300 m'mbuyomo.

Zinasintha pang'onopang'ono. Lamulo la mu 1735 linathetsa zoimba munthu mlandu woti ndi mfiti, m'malo mwake linayamba kulanga wonamizira kuti ali ndi mphamvu zamatsenga. Lamulo limeneli linagwirabe ntchito mpaka posachedwapa: mu 1944 mayi wina wa ku Scotland, Helen Duncan, amene ankati amalankhula ndi mizimu ya akufa, anagamulidwa nalo kukakhala kundende miyezi 9. Linathetsedwa mu 1951. Catweazle anaonekera pakanema patangopita zaka 19. Kuseka kuja kunabwera anthu atasiya kuopa, ndipo kusiya kuopa kunatenga mibadwo.

Mbiri imeneyi inatifika ifenso. Lamulo la za ufiti lomwe atsamunda a ku Britain anakhazikitsa kuno mu 1911 linatengera maganizo omwewo: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma lamulo papepala ndi zochitika m'mudzi ndi zinthu ziwiri. Ambiri tikukumbukira za ku Neno mu January 2016, pamene agogo anayi a banja limodzi anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Ndipo nkhani zotere sizinathe.

Sindikufuna kutsutsana nanu za zomwe mumakhulupirira, zimenezo aliyense ali ndi pomwe waima. Ndikungofunsa izi: Catweazle atavuuka lero padamu la m'mudzi mwanu, mkanjo uli nyowe, akuyankhula zosamveka, chule ali m'manja, angafike madzulo ali moyo? Kapena mafoni angatuluke, wina n'kuyamba kujambula, kanemayo n'kufika m'magulu onse ndi mawu akuti "mfiti yagwa pandege" miyala isanayambe n'komwe?

Taonaninso zizindikiro zake. Sakudziwa komwe ali. Sakudziwa chaka. Akuopa zinthu wamba. Akukamba za anthu omwe anafa kalekale ngati ali moyo. Akufuna kupita "kwawo" komwe kulibenso. Achipatala akuuzani kuti izi ndi zomwe zimaoneka mwa okalamba amene akudwala matenda oiwala, aja amawononga ubongo pang'onopang'ono. Gogo wotere amatha kutuluka usiku n'kupezeka m'mawa pakhomo la eni, mwina osavala bwino, osatha kufotokoza wafikapo bwanji. Akafunsidwa mokalipa amatha kuvomera chilichonse. Munthu ameneyo akufunika Carrot, mwana woti amufunditse chofunda n'kukaitana abale ake. Sakufunika khamu.

Kodi n'loyenera bandulo yanu?

Ndisakunamizeni kuti ndi sewero lopanda chilema. Kwa munthu wozolowera makanema a masekondi 30, liyenda pang'onopang'ono. Magawo ambiri ali ndi kapangidwe kamodzi: Catweazle waona chinthu chatsopano, wachimva molakwika, wayambitsa chisokonezo, mnyamata wakonza. Anthu ofunika kwambiri m'nkhaniyi pafupifupi onse ndi amuna, ndipo England yomwe ikuonetsedwa ndi ya kumudzi, ya azungu okhaokha, ngakhale kuti pofika 1970 mizinda yawo inali itadzaza kale ndi anthu ochokera ku Caribbean, Asia ndi Africa. Chingerezi cha Catweazle ndi chachikalekale mwadala, ndiye mawu ena akudutsani. Ambiri amene analionera amavomerezanso kuti sizoni yoyamba ndi yokoma kuposa yachiwiri, chifukwa ubale wa nkhalamba ndi mwana wa pafamu uja unali ndi mtima.

Komabe lakhalitsa. Carpenter analisandutsa mabuku awiri, Catweazle ndi Catweazle and the Magic Zodiac. Linakondedwa kwambiri kunja kwa Britain, makamaka ku Germany, moti mu 2021 kumeneko anapanga filimu yatsopano ya Catweazle, katswiri wa nthabwala Otto Waalkes ndiye anasewera ngati nkhalambayo. Ku England anthu amene anali ana mu 1970, lero ndi agogo, amatchulabe magetsi ndi telefoni m'mawu a Catweazle. Sewero la magawo 26 okha kukumbukiridwa zaka zoposa 50, ndiye kuti linakhudza penapake.

Kwa inu amene mumapanga timakanema ta nthabwala pafoni, muli phunziro laulere. Seweroli linalibe makompyuta opangira zodabwitsa. Linali ndi munthu mmodzi wodziwa kusewera, chule, famu, ndi funso limodzi labwino: chinthu ichi chingaoneke bwanji kwa munthu amene sanachionepo? Nthabwala zathu zambiri za "wakumudzi wafika m'tauni" zimathera pomunyoza wakumudziyo. Catweazle amaseketsa koma oonera amathera kumbali yake. Kumeneko ndiye kulemba.

Mawa ndi ife

Pafupifupi banja lililonse lili ndi Catweazle wake. Ndi agogo aja amakuwa pafoni ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Ndi amalume aja amasunga nambala yachinsinsi pakapepala m'thumba la jekete, kapena amangoipereka kwa ejenti kuti awatapire ndalama. Ndi mayi aja amakhulupirira uthenga uliwonse wofika pa WhatsApp chifukwa "zalembedwa". Timawaseka, timawalanda foni m'manja n'kudina tokha mofulumira, "bweretsani kuno, inu simungathe". Akatero abwerera m'thanki yawo, ndipo tsiku lomwe wakuba adzawaimbire kuti mdzukulu wawo ali m'chipatala atumize ndalama msanga, adzakhala alibe womufunsa.

Pamene anthu omwewo amadziwa mtengo uti umachiza m'mimba, mtambo uti ukubweretsa mvula, ndani anakwatira ndani kuti inu mubadwe. Zimenezo pa intaneti mulibe, ndipo akapita apita nazo.

Komanso musaiwale kuti zaka 900 za Catweazle masiku ano zimakwana m'zaka 20. Amene munagwirapo foni ya mabatani, amene mukukumbukira kukopera nyimbo pa Bluetooth kapena kukanda kakhadi ka mayunitsi ndi ndalama yachitsulo, ana obadwa lero adzakuonani ngati anthu a m'phanga. Kale pano pali makompyuta oyankha mafunso ngati munthu, ndipo ambirife tikuwagwiritsa ntchito osadziwa kuti mkati mwake mukuchitika chiyani. Fupa lolankhula lija tsopano layamba kuyankha lokha. Tsiku likubwera pamene mdzukulu wanu adzadina chinthu chomwe inu simudzachimvetsa, inu kukamwa yasa, iye n'kupumira m'mwamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye mukapita kumudzi ulendo uno, agogo akakufunsani kuti chithunzi cha mwana wawo wa ku Joni chalowa bwanji m'kagalasi kameneka, musawayankhe kuti "ndi netiweki basi". Khalani nawo pamkeka, foni muwapatse agwire okha, alakwitse, ayesenso. Akafunsa funso lomwe inunso simukulidziwa, vomerani kuti simukudziwa, mufufuze limodzi. Kenako inunso muwafunse dzina la mtengo uja uli kuseri kwa nyumba, ndi ntchito yake.